ZA ZIWETO ZATHU: Yang'anani Mchira wa Mphaka Wanu

Anzanga a m'midzi, sabata ino tiyambe tazisiya ng'ombe ndi mbuzi, tikambe za chiweto chimene ambiri sitichitchula powerenga chuma chathu, ndicho mphaka. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, mlonda wake wa usiku ndi iyeyu. Salandira malipiro, ndipo ena a inu simumpatsa ngakhale mkute. Koma angodwala sabata ziwiri, makoswe adziwa msanga, ndipo mudzawamva akuthamangitsana pa denga.

Mphaka ndi nyama yobisa ululu. Galu akapweteka amalira kuti mudzi wonse umve, koma mphaka amangokabisala kuseri kwa mtsuko kapena pansi pa nkhokwe. Tsono muyenera kumuyang'ana nokha, ndipo chiwalo chimene chimaulula zambiri ndi mchira. Mphaka wa moyo wabwino pobwera kwa mwini wake amaimika mchira njo, ngati ndodo. Mukaona mchira ukungolendewera ngati chingwe chonyowa, kapena ukukhwekhwereka pansi iye poyenda, kapena wapindika pamene dzulo panali powongoka, dziwani kuti wavulala.

Mchira si khungu ndi ubweya chabe ayi. Ndi msana womwewo umene wapitirira, ndipo muli timafupa pafupifupi 20 tolumikizana. Patsinde pake, pamene ukumana ndi chiuno, pamadutsa mitsempha yolamulira chikhodzodzo ndi njira ya chimbudzi. Mwana akamukoka mphaka mchira mwamphamvu, kapena chitseko chikaupana iye n'kudumpha, kapena gudumu la njinga kapena la ngolo likauponda iye ali kuthawa, mitsempha ija imakokeka, mwina kuduka kumene, ngakhale kunja osaoneka bala lililonse.

Chifukwa chake mukaona mchira wolendewera musayang'ane mchira wokha. Yang'anani kunsi kwake. Kodi ubweya uli wonyowa ndi wonunkha mkodzo? Kodi chimbudzi chikumatirira m'ntchafu, pamene mphaka ndi nyama yaukhondo? Kapena kodi akukumba dothi ndi kunyonyomala kawirikawiri, koma osatuluka kanthu? Ichi chotsirizachi ndicho choopsa koposa. Mphaka amene watha usana ndi usiku wathunthu osakodza ali pafupi ndi imfa, pakuti mkodzo wodzaza umaononga impso. Ameneyo pitani naye kwa mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, osadikira tsiku la dipi. Mungathenso kutsina pang'ono khungu la pafupi ndi tsinde la mchira. Akatembenuka kapena kulira, ndi chizindikiro chabwino, pakuti amphaka ambiri amene akumvabe pamenepo amachira m'sabata zowerengeka. Koma musayese kuwongola mchira ndi manja, kapena kuumangira kamtengo monga muchitira ndi mwendo wa mbuzi.

Vuto lofala kuposa limeneli ndi chotupa cha mafinya. Phokoso la amphaka aamuna olimbana usiku mumalidziwa. Wogonja amatembenuka kuti athawe, ndipo mnzake amamuluma patsinde pa mchira. Mano a mphaka ali ngati singano. Amaboola kabowo kakang'ono kamene kamatsekeka msanga, tizilombo ta matenda n'kutsalira m'kati. M'mawa mwake simuona kanthu. Pakapita masiku 2 mpaka 4 ndi pamene pamatupa ndi kutentha, mphaka n'kukana chakudya, ndipo mukamusisita pamsana amakalipa ngakhale ali wofatsa. Kenaka chotupa chimaphulika, n'kutuluka mafinya onunkha kwambiri, osanganikirana ndi magazi.

Chikaphulika musachite mantha, pakuti mafinya ayenera kutuluka. Mufunditseni mphaka nsalu yokhuthala kapena chiguduli, wina wamkulu amugwire, osati mwana. Metani ubweya wozungulira bala ndi sizasi. Wiritsani madzi theka la lita, muthiremo mchere supuni yaing'ono imodzi, ndipo akazizira tsukani nawo bala kawiri pa tsiku. Musalitseke ndi dothi kapena phulusa. Bala lotere lipole kuyambira m'kati, pakuti likatsekeka pamwamba msanga mafinya amadzazanso. Msungeni m'nyumba chifukwa cha ntchentche, poti nyengo yotentha mazira ake amasanduka mphutsi tsiku limodzi lisanathe. Ngati patapita tsiku limodzi kapena awiri sakudyabe, kapena chotupa chikukula osaphulika, afunika jekeseni wa mlangizi.

Tsono tamverani bwino apa, pakuti amphaka ena amafa ndi chifundo cha eni ake. Musampatse mphaka Panado ngakhale chidutswa. Chiwindi chake sichitha kugaya mankhwala amenewa monga chichitira cha munthu, ndipo mbulu umodzi wokha ungathe kumupha. Musamupake Dettol, palafini, oilo wakuda wa galimoto, mankhwala a dipi ya ng'ombe, kapena fumbi lija lothira m'chimanga pofuna kupha anankafumbwe. Ng'ombe siinyambita thupi lonse, koma mphaka amadzisambitsa ndi lilime, kotero chilichonse mwamupaka mwamudyetsa.

Mawu awiri kwa makolo. Ana ena amamangirira mphira kapena kachingwe ku mchira wa mphaka posewera, n'kuiwala. Kamalowa mu ubweya osaoneka, n'kutseka magazi. Mukapeza nsonga ya mchira yozizira, yakuda ndi youma, mbali imeneyo yafa kale ndipo iyenera kudulidwa kuvunda kusanakwere. Ntchitoyo ndi ya dokotala wa ziweto amene ali ndi mankhwala ogonetsa, osati ya chikwanje. Mphaka wodulidwa mchira amazolowera msanga, ndipo amagwira makoswe monga kale.

Kumbukiraninso kuti simudziwa chimene chinamuluma. Mwina si mphaka mnzake koma galu kapena nkhandwe, ndipo mphaka nayenso amatenga chiwewe. Ngati asintha khalidwe, akuluma popanda chifukwa kapena akutuluka dovu, musamugwire konse. Mutsekereni, muuze mfumu ndi mlangizi. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15, apite ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti chiwewe chikayamba kuoneka mwa munthu sichichizika. Ndipo alangizi akalengeza katemera wa agalu, funsani ngati mungabwere ndi amphaka omwe. Muwanyamule m'dengu lovundikira bwino, osati m'manja, pakuti mphaka akaona agalu ambiri pamodzi adzakukandani n'kuthawira kuthengo.

Sabata ya mawa tidzakamba za chitopa cha nkhuku.