Safunsa Anadya Phula: Phunziro la Walmart ku Germany

M'chaka cha 2006 kampani ya Walmart ya ku America, imene pa nthawiyo inali yoposa zonse pa dziko lapansi pa malonda a m'masitolo, inagulitsa masitolo ake onse 85 a ku Germany kwa kampani ya Metro ndi kubwerera kwawo itataya ndalama pafupifupi madola 1 biliyoni. Kampaniyi inalowa m'dzikomo m'chaka cha 1997 pogula masitolo 21 a Wertkauf, ndipo chaka chotsatira inaonjezera ena 74 a Interspar. Ndalama inali nazo, katundu inali naye, koma inalephera kudziwa mtima wa anthu amene inafuna kuwagulitsa katunduyo ndiponso wa anthu amene inawalemba ntchito. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kusungidwa ndi aliyense amene ali ndi udindo wokambirana ndi alendo m'malo mwa dziko lino.

Ku America wantchito wa m'sitolo amalonjera wogula pakhomo, kumumwetulira ndi kumulongedzera katundu m'thumba. Akuluakulu a Walmart analamula kuti zomwezo zizichitika ku Germany. Tsono Mjeremani sazolowera kumwetuliridwa ndi munthu wosamudziwa, kotero kuti ogula ena anayesa kuti antchitowo akuwafuna chibwenzi, ndipo ambiri sanakondwe kuona munthu wina akugwiragwira zakudya zimene iwo alipira kale. M'mawa antchito ankayenera kusonkhana ndi kufuula dzina la kampani pamodzi, chinthu chimene chinawachititsa manyazi. Ena mwa akuluakulu amene anatumizidwa poyamba sankalankhula Chijeremani, ndipo eni dziko ambiri odziwa bwino msika wa komweko anasiya ntchito.

Choposa zonse chinali kusalabadira dongosolo la eni dziko. Lamulo la ku Germany limalola antchito kukhala ndi bungwe lawo pa malo a ntchito, ndipo wolemba ntchito sangaike malamulo okhudza khalidwe la antchito popanda kugwirizana ndi bungwelo. M'chaka cha 2005 Walmart inabweretsa malamulo olembedwa ku America, ena oletsa zibwenzi pakati pa antchito ndipo ena owauza kuti azinenezana kwa akuluakulu pa telefoni. Khoti loona za ntchito mu mzinda wa Düsseldorf linagamula chaka chomwecho kuti kuletsa zibwenziko kunali kosemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo.

Kunena zoona, mwambo sunali chifukwa chokhacho. Masitolo a Aldi ndi Lidl anali atazolowetsa kale anthu mitengo yotsika, ndipo malamulo a dzikolo sankalola kampani yaikulu kugulitsa katundu motchipa kuposa mtengo umene inamugulira. Komabe zonsezi zikadadziwika mwamsanga akuluakuluwo akadamvera eni dziko. Makolo ananena kuti safunsa anadya phula.

Phunziro limeneli likukhudza Malawi kwambiri. Katundu wa dziko lino amadutsa pa madoko a eni ake, ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, ndipo fodya, tiyi ndi shuga zimagulidwa ndi anthu a mitundu ina. Chiyambire ubale ndi dziko la China kumapeto kwa chaka cha 2007, antchito a Boma akhala akukumana ndi alendo a miyambo yosiyana koposa kale. Katswiri wina wa ku America, Edward T. Hall, anafotokoza m'buku lake la m'chaka cha 1976 kuti mitundu ina imanena zonse poyera ndi mawu, pamene mitundu ina imasiya zambiri kuti womvera azizindikire yekha poona nkhope, malo ndi ulemu. Amalawi ali m'gulu lachiwirili. Mmalawi akanena kuti "tamva" kapena "tiona", nthawi zambiri amakhala akupewa kukana mlendo maso ndi maso. Mlendo wochokera ku Germany kapena ku America amabwerera kwawo ataganiza kuti zonse zatheka, amatumiza makina, kenaka n'kupeza kuti palibe chimene chinavomerezedwa. Chimodzimodzinso, mlendo wotero akayankha kuti "ayi" mosapita m'mbali, si chipongwe. Ndi mmene analeredwera. Mlendo wa ku China kapena ku Japan akayamba ndi kudyera pamodzi ndi kucheza masiku angapo asanatchule za mgwirizano, sakutaya nthawi. Akufuna kudziwa ngati mnzakeyo ndi wodalirika.

Nawonso alendo obwera kudzatsegula mafakitale ndi minda muno ayenera kuuzidwa mwambo wa eni dziko ntchito isanayambe. Ayenera kudziwa kuti maliro akagwa m'mudzi anthu amasiya zonse, motero nkhani ya masiku opita kumaliro ikambidwe ndi kulembedwa poyamba pomwe. Ayenera kudziwa kuti kudzudzula munthu wamkulu pamaso pa ana kumawononga ntchito kuposa cholakwa chimene munthuyo anachita. Ayenera kudziwanso kuti m'madera ambiri a m'chigawo chapakati ndi cha kummwera malo amatsata mbumba ya kuchikazi, kotero kuti kusaina kwa mkamwini yekha, popanda eni mbumba ndi mfumu, sikumaliza nkhani ya malo. Udindo wofotokoza zimenezi uli m'manja mwa akuluakulu a m'maunduna, mabwanamkubwa ndi atsogoleri a m'madera. Akakhala chete poopa kukhumudwitsa mlendo, mapeto ake ndi milandu, kunyanyala ntchito ndi kutsekedwa kwa fakitale, ndipo ovutika amakhala ana a dziko lino amene anali atayamba kulandira malipiro.

Pali chenjezo limodzi. Mwambo usasanduke pobisalira ulesi ndi umbava. Kufika mochedwa pa msonkhano, kusunga kalata ya mlendo miyezi itatu osayankha, kapena kupempha chiphuphu ndi kuchitcha mphatso, si mwambo wa makolo, ndipo lamulo lothana ndi ziphuphu la m'chaka cha 1995 silisiyanitsa wolandira ndi wopereka.

M'pofunika tsono kuti nthumwi zonse zopita kunja zizifunsa akazembe a dziko lino za khalidwe la anthu amene zikukakumana nawo. M'pofunikanso kuti maunduna akhale ndi omasulira ophunzitsidwa bwino a Chipwitikizi, Chiswahili, Chifalansa ndi Chitchaina, ndi kuti pomaliza zokambirana zilizonse mfundo zogwirizana zizilembedwa ndi kuwerengedwa pamaso pa mbali zonse ziwiri, kuti "tamva" asasanduke "tavomera". Walmart inali ndi chuma chokwanira kupirira chitayiko cha madola 1 biliyoni ndi kupitiriza malonda kwina. Malawi alibe ndalama zotaya motero, ndipo wantchito wa Boma amene afunsa asanasaine ndiye amene akuteteza chuma cha mtundu wonse.