Tisamadikire agalu kuti atiyezere unga

Mu Ogasiti 2024, nduna ya zaumoyo a Elijah Muchima analengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chomwe chinali ndi poizoni wa aflatoxin. Boma litayeza masampulo 25 ochokera kumakampani ogaya, pafupifupi theka anapezeka ndi poizoniyu wopitirira muyezo, ndipo unga wina unachotsedwa m'mashopu. Chondiwawa n'chakuti chenjezo loyamba linachokera kwa agalu, osati kulabotale ya kampani.

Aflatoxin amachokera ku chuku chomera pa chimanga ndi nshawa, makamaka mbewu zikafooka ndi chilala kumunda kapena zikasungidwa zisanaume bwino. Muunga saoneka, sanunkha, ndipo ngakhale nsima ipse bwanji, poizoniyu satha. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka, amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa. Mayi wogula pamela pa kantemba mukomboni alibe njira yodziwira zimenezi. Amene angadziwe ndi wogaya, chifukwa thumba lililonse limadutsa pakhomo pake.

Kuyeza si matsenga. Pali kachipangizo koonera ngati chimanga chauma, ndipo pali timizere toyezera aflatoxin totulutsa yankho tsiku lomwelo, lole isanatsitse katundu. Kampani yomwe ili ndi ndalama za zikwangwani zikuluzikulu pa Great East Road singanene kuti izi zaikulira.

Ena ati kuyeza kukweza mtengo wa unga, pomwe thumba la 25kg likutilemera kale. Nkhawayi ndi yomveka. Koma mtengo woyeza lole imodzi ukagawidwa pa matumba mazanamazana, umachepa kwambiri. Mtengo wosayeza ndiye woopsa. Ku South Africa, matenda a listeriosis anapha anthu oposa 200 mu 2017 ndi 2018, ndipo gwero lake linapezeka kufakitale ya poloni ku Polokwane. Zambia inaletsa nyama zoterezi kulowa kuchokera kumeneko, koma mabanja a kumeneko anali ataika kale maliro.

Malamulo tili nawo: Food Safety Act ya 2019 ilipo, mabungwe a ZABS ndi ZCSA alipo. Koma oyendera a boma sangaime pachigayo chilichonse tsiku lililonse. Udindo woyamba ndi wa amene akugulitsa. Kampani iliyonse yogaya iyeze chimanga chisanalowe m'makina, ilembe nambala ya batchi yooneka bwino pathumba, ndipo zotsatira iziike poyera, ngakhale pa Facebook pomwe imatsatsira malonda.

Achinyamata anzanga, ambirife ndife timatumidwa kukagula unga. Yang'anani deti ndi nambala ya batchi. Kampani ikaika chithunzi cha nsima yoyera pa intaneti, ifunseni pomwepo kuti unga umenewu unayezedwa liti, ndipo anauyeza ndani. Ikakhala chete, ndalama zanu mupite nazo kwina.