Nkhani makumi awiri zofanana sizingabweretse mlendo ku Nkhotakota



Loweruka lapitali ndikuchonga makope pakhonde, kunabwera mnyamata amene ndinamuphunzitsa Folomu 4 zaka zingapo zapitazo. Pano ali ndi nyumba yogona alendo kugombe, ya zipinda zinayi, ndipo amatenga alendo pabwato kukaona mbalame ku Chia.

"Aphunzitsi, mundilembereko nkhani makumi awiri zachingerezi," anatero. Akuti munthu wina wa ku Lilongwe wamulonjeza kuti akamulipira, akaziika nkhanizo pa mawebusaiti osonkhanitsa nkhani, aja amati article directory. Pansi pa nkhani iliyonse padzakhala linki yolozera ku webusaiti ya nyumba yake, ndiye Google idzamuika pamwamba.

Ndinakana, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake, poti mwina ena mwa inu mwauzidwanso zomwezi.

M'zaka za m'ma 2000 njirayi inkathandizadi. Mawebusaiti ngati EzineArticles ankalandira nkhani za aliyense mwaulere, ndipo Google inkawerenga malinki ngati mavoti: wolozeredwa kwambiri ndiye ankakwera. Anthu ataona zimenezi anayamba kulemba nkhani imodzi, kusintha mawu awiri atatu, n'kuimwaza paliponse. Mu Febuluwale 2011 Google inasintha kasanjidwe kake, kusintha komwe kunatchedwa Panda, ndipo mawebusaiti odzaza nkhani zopanda mutu anagwa, EzineArticles yomwe. Mu Epulo 2012 kunabwera Penguin, yolanga malinki ochita kupanga. Mwachidule, wa ku Lilongwe uja akugulitsa usipa umene unaola kalekale.

Ife aphunzitsi izi si zachilendo. Ukamachonga zimangirizo n'kupeza khumi zoyamba ndi chiganizo chimodzimodzi, umadziwiratu kuti akoperana, ndipo onsewo amalephera. Google nayo inaphunzira kuchonga. Komanso masiku ano ChatGPT itha kulemba nkhani makumi awiri zoterozo nsima isanapse. Ndiye chinthu chimene aliyense angapange mwaulere chingakusiyanitse bwanji ndi anzako?

Ndinamufunsa kuti, kodi mlendo akamafufuza za Nkhotakota amafuna kudziwa chiyani? Amafuna kudziwa kuti achoka bwanji ku Salima pamsewu wa M5, chipinda n'chandalama zingati, ndiponso kuti miyezi yozizira mwera umavuta panyanja moti bwato limatha kulephera kunyamuka. Amafuna kumva za mtengo wa mkuyu pamene David Livingstone anakumana ndi Jumbe mu 1863. Amafuna kudziwa za nkhalango yathu, imene African Parks inayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 munabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Nanga mpasa wokwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira? Zonsezi mnyamatayu amazidziwa kuposa munthu wokhala mu ofesi ku Lilongwe.

Malangizo anga anali awa: alembe tsamba limodzi loona, ndi zithunzi zojambula yekha. Aike nyumba yake pa Google Maps, zomwe n'zaulere. Aziyankha mauthenga a pa WhatsApp tsiku lomwelo. Mlendo akakondwa, amupemphe alembe yekha zimene waona.

Ndikuvomera kuti njirayi ndi yochedwa. Iye akufuna alendo mwezi uno, antchito awiri akudikira malipiro, ndipo bandulo ya intaneti si yotchipa. Koma ndalama zimene akanapereka ku Lilongwe zikanangopita, alendo osabwerabe. Kuli bwino agulire neti zatsopano za udzudzu m'zipinda zija, mlendo adzaziona.

Anachoka nkhope itagwa pang'ono. Koma dzulo wanditumizira tsamba lake loyamba, lonena za ulendo wa ku Chia m'bandakucha. Chingerezi chake n'chopunduka apa ndi apo, koma ukamawerenga ukumva phokoso la nkhafi m'madzi. Cholembera chofiira ndachitulutsa kale, monga mwa masiku aja.