Mlenje wa anamapopa sindimuombera m'manja

Bukuli ndinaligula kwa anyamata oyala mabuku akale pansi pafupi ndi Park Station mu Johannesburg, dera limene timakwerera mabasi opita kumudzi. Dzina lake ndi Abraham Lincoln: Vampire Hunter, analemba ndi Seth Grahame-Smith wa ku America, ndipo linatuluka mu 2010. Nditamaliza kuwerenga ndinalibwereketsa. Linayenda m'nyumba zingapo za Amalawi ku Rosettenville ndi ku Turffontein mpaka linabwerako chikuto chitathothoka. Aliyense amene analiwerenga anandiuza maganizo ake, ndipo maganizowo ndi amene andilembetsa nkhani ino, chifukwa palibe ngakhale mmodzi amene ndinagwirizana naye.

Kwa inu amene simunaliwerenge, nkhani yake ili motere. Wolembayo anatenga mbiri yeniyeni ya Abraham Lincoln, pulezidenti wa nambala 16 wa America, n'kuisakaniza ndi zopeka. Mayi ake a Lincoln anamwaliradi mu 1818 iye ali ndi zaka 9. Bukuli likuti anaphedwa ndi vampire, cholengedwa cha m'nthano za azungu chooneka ngati munthu koma chokhalira moyo pa magazi a anthu. Mnyamatayo analumbira kuti adzabwezera, ananola nkhwangwa, n'kuyamba kusaka. Atakula anazindikira kuti zolengedwazo zinali pa mgwirizano ndi eni akapolo a kummwera kwa America, poti kapolo ndi munthu amene ungamumwe magazi popanda wokufunsa. Motero nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 inasanduka nkhondo yolimbana ndi omwa magazi.

Woyamba kundibwezera bukuli anali mayi wina wa kutchalitchi kwathu, ndipo anali asanafike ndi pakati pomwe. "Mwananga, izi n'za satana. Munthu wopemphera sasunga zotere m'nyumba," anatero. Mayiwa ndimawalemekeza, koma apa anaphonya. Tonsefe tinakulira pa nthano. Agogo akati "Padangokhala," ife tinkayankha kuti "Tili tonse," kenako n'kumva za afiti ouluka pa lichero, za fisi wodzisandutsa mkamwini, za Napolo wogumula mapiri. Palibe mwana amene anasanduka mfiti chifukwa chomvera agogo ake. Nthano yoopsa imaphunzitsa mwana kuyang'anizana ndi mantha ali pabwino, pafupi ndi moto. Amene akufuna kuletsa mabuku otere ayambe waletsa agogo.

Wachiwiri anali mtsikana wophunzira pa yunivesite kuno. Iye anati bukuli n'lachibwana, komanso n'zachizungu zosatikhudza, chifukwa ku Africa kulibe vampire. Ndinamufunsa ngati anamvapo za anamapopa. Anaseka, akuti zimenezo n'zakumudzi. Kusekako kunandiwawa. Katswiri wa mbiri yakale Luise White analemba buku lonse, Speaking with Vampires, lotuluka mu 2000, lofotokoza mmene mphekesera za opopa magazi zinafalikira mu nthawi ya atsamunda. Ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, ankawatcha banyama. Ku Kenya ndi Tanganyika ankati wazimamoto, kutanthauza ozimitsa moto, poti anthu ankakhulupirira kuti ogwira ntchito yozimitsa moto ndiwo ankagwira anthu n'kuwachotsa magazi. Nkhani ya omwa magazi ndi yathu kuyambira kale. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu sinatsekeredwe m'buku. Imayenda mumsewu ndipo imapha anthu.

Wachitatu ndiye anandisowetsa tulo. Ndi mlamu wanga, munthu wofatsa amene amagwira ntchito ya ulonda usiku. Bukuli analimaliza m'masiku atatu, nabwera nalo akumwetulira. "Alamu, Lincoln ndi dolo. Kumudzi kukanakhala anthu awiri okha ngati ameneyu, anamapopa akanatheratu," anatero. Owerenga ambiri a mabuku a mtundu umenewu amaganiza ngati mlamu wangayu. Amakonda mlenje, amamuchemerera, akufuna atakhala iwo. Akafunsidwa amati n'zongosangalatsa basi, palibe chovuta.

Ine ndikuti chovuta chilipo, ndipo chili pa funso limodzi: kodi mlenjeyo amadziwa bwanji kuti amene akumutemayo ndi womwa magazi? M'bukuli Lincoln ali ndi mphunzitsi wake, Henry Sturges, amene amamutumizira makalata okhala ndi mayina a oyenera kuphedwa. Lincoln amanyamula nkhwangwa n'kupita. Wolemba anakonza dziko lake mwakuti owerenga timaona ndi maso athu mano aatali ndi maso akuda bii a chilombocho, choncho mtima wathu umakhala m'malo. Sipafunika bwalo la milandu, mboni, kapena mfumu yofunsa mbali zonse ziwiri. Dzina likangotchulidwa, mlandu watha. Chimene chimakoma m'mabuku amenewa ndi chimenechi: kupha kopanda chikaiko.

Tsopano tengani maganizo omwewo muwaike pansi pa phiri la Mulanje. Mu Seputembala 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi Phalombe, kenako zinafika ku Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka mu mzinda wa Blantyre. Anyamata anatseka misewu, akuimitsa magalimoto, akusecha zikwama za alendo. Anthu ankagona panja m'magulu poopa kupopedwa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena a kummwera, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anachita kupita yekha kukalankhula ndi anthu. Madokotala anadandaula kuti ena mwa iwo akuchitidwa chipongwe chifukwa chonyamula zipangizo zopimira odwala, ndipo ma ambulansi ankaukiridwa pamsewu. Pofika kumapeto kwa Okutobala anthu osachepera 9 anali ataphedwa, ndipo apolisi anali atamanga anthu oposa 140. Mmodzi mwa ophedwawo, ku Blantyre, anali mnyamata wa zaka 22 wodwala khunyu. Anamuotcha.

Sikanali koyamba. Chakumapeto kwa 2002 mphekesera zomwezi zinavuta m'nthawi ya Pulezidenti Bakili Muluzi, anthu akuti boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga cha chithandizo. Mu Januwale 2003 Eric Chiwaya, mkulu wa chipani cha UDF mu Blantyre, anagendedwa mpaka kugonekedwa m'chipatala pomuganizira kuti akusunga anamapopa. Mu 2020 zinabukanso, ulendo uno m'chigawo cha kumpoto ndi chapakati. Pa maulendo onsewa palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi umboni. Amene anapezeka ndi mitembo ya anthu wamba. Onse amene anaponya miyala ankadziona ngati alenje oteteza mudzi. Mlamu wanga akuti kumudzi kukusowa anthu ngati Lincoln. Ine ndikuti alipo ochuluka kale, ndipo ntchito yawo taiona.

Ife amene tikukhala ku Joni kuno tili ndi chifukwa china choopera mlenje. Buku limene linatchukitsa nthano zimenezi, Dracula la Bram Stoker la 1897, limanena za mlendo wochokera ku Transylvania amene anabwera ku London, nagula nyumba, nayamba kuyamwa eni dziko, mpaka gulu la amuna olemekezeka lotsogoleredwa ndi Van Helsing linamusaka n'kumupha. Womwa magazi ndi wobwera. Kodi mawu amenewa simukuwazindikira? Kuno amati makwerekwere tikuwamalizira ntchito, tikudzaza zipatala, tikuyamwa chuma cha dziko. Mu Meyi 2008 chipolowe chimene chinayambira ku Alexandra chinapha anthu 62. Mu Epulo 2022 ku Diepsloot gulu la anthu linkayenda khomo ndi khomo usiku likufunsa ziphaso, ndipo Elvis Nyathi wa ku Zimbabwe, bambo wogwira ntchito ya m'dimba, anamenyedwa n'kuotchedwa. Mlamu wanga akamawerenga amadziika pa malo a munthu wa nkhwangwa. Akatuluka pa geti m'mawa n'kulankhula Chizulu chake chopotoka m'takisi, ali pa malo a munthu amene dzina lake lili m'kalata ya Henry Sturges. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sindikunena kuti buku ndi limene linapha anthu ku Mulanje kapena ku Diepsloot. Amene anaotcha mnyamata wa khunyu uja sanawerenge Grahame-Smith. Chimene ndikutsutsa ndi ulesi wa ife owerenga, amene tili ndi mwayi woima n'kuganiza, koma tikumeza nkhani ya mlenje wosalakwa ngati phala. Mzungu wa ku Chicago angathe kuwerenga bukuli ngati masewera chabe chifukwa kwawo palibe amene amaotchedwa pomuganizira kuti ndi vampire. Mmalawi alibe ufulu umenewo. Tikudziwa fungo la tayala loyaka.

Chimodzi bukuli linalondola, ndipo ndiyenera kuvomereza. Linaona kuti ukapolo ndi kumwa magazi a anthu. Koma pomwepo linapulumutsanso olakwa. Likamati kumbuyo kwa ukapolo kunali zilombo zosafa, ndiye kuti anthu enieni amene ankagula ndi kugulitsa anzawo, opemphera Lamulungu lililonse, mlandu wawo wachepa. Anthu wamba okonda phindu anakwanitsa okha nkhanza zonsezo popanda thandizo la chilombo.

Mbiri yathu ikuonetsa zomwezo. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu ambiri anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Mphekesera inali yakuti boma la Dr. Kamuzu Banda likutumiza magazi a ophedwawo ku South Africa pobweza ngongole. Magazi m'mabotolo sanapite, koma anthu sanalote chabe. Boma la tsankho la kuno linalidi litabwereketsa Malawi ndalama zomangira likulu latsopano ku Lilongwe. Ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa, ambiri atalembedwa ndi Wenela. Ankapita anyamata amphamvu, n'kubwerera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosatha. Ena anakhala matchona. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Kuyambira mu 1988, pa mkangano woyeza magazi pofufuza kachilombo ka HIV, Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi, ntchito n'kuthera pomwepo. Munthu wa ku Mulanje akamati wina akutipopa, galamala yake ndi yolakwika koma nkhani ili ndi mutu. Tsoka lake n'lakuti mkwiyo wake umagwera wodutsa m'njira wonyamula chikwama, pamene wopopa weniweni ali mu ofesi.

Ndipo opopa enieniwo anagonja motani? Fumbi la m'migodi ya golide limawononga mapapo, matenda otchedwa silicosis, komanso limatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Anthu amene anagwira ntchito m'migodi anasumira makampani. Mu 2016 khothi lalikulu la mu Johannesburg linalola kuti mlanduwo uzengedwe m'malo mwa onse okhudzidwa. Mu 2018 makampani asanu ndi imodzi anavomera kulipira R5 biliyoni, ndipo panakhazikitsidwa Tshiamiso Trust yoti izipereka ndalamazo kwa odwala ndi mabanja a omwalira, kuphatikizapo ochokera m'maiko oyandikana ndi South Africa. Ntchito imeneyi inatenga zaka, inafuna maloya, madokotala, zithunzi za m'chifuwa ndi madala otsokomola oima pa mzere. Ambiri anamwalira asanalandire kanthu. Nkhwangwa sinagwire ntchito pamenepo. Nkhani yotere ndi yovuta kuisandutsa kanema wokoma, komabe ndi ulenje wokhawo wa omwa magazi umene ndikuudziwa kuti unagwira nyama yoyenera.

Choncho kwa mayi a kutchalitchi aja ndikuti, amayi, lolani ana awerenge. Kwa mtsikana wa pa yunivesite ndikuti, achemwali, musanyoze, nkhaniyi ndi yanu kuposa mmene ilili ya Grahame-Smith. Kwa mlamu wanga ndi onse okonda mlenje ndikuti werengani, sangalalani, koma pa tsamba lililonse funsani kuti dzinali watchula ndani, ndipo akanakhala kuti walakwitsa akanadziwa bwanji.

Mawu otsiriza apite kwa olemba a Chichewa. Lauren Beukes anatenga Hillbrow, malo amene ambiri a ife tinafikira, n'kulembapo Zoo City mu 2010, buku la zamatsenga limene linapambana mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2011. Shadreck Chikoti anaonetsa ndi Azotus the Kingdom kuti Mmalawi angathe kulemba za dziko longoganizira. Zipangizo tili nazo zambiri kuposa wolemba aliyense wa ku America: Chilobwe, Wenela, Mulanje, Diepsloot. Ndikufuna kuwerenga buku la anamapopa m'chilankhulo chathu, loopsa mpaka tsitsi kuima, koma lofotokozedwa ndi munthu amene akuthamangitsidwa. Akhale namwino wonyamula kachikwama ka majekeseni amene basi yamusiya pa siteji yachilendo dzuwa litalowa, kapena mtchona wobwerera kumudzi patatha zaka 30, amene palibe akumukumbukira nkhope. Wowerenga amve mapazi akuyandikira kumbuyo kwake ndi likhweru likulira m'mudzi. Buku limenelo ndidzaligula latsopano, ndipo woyamba kumubwereka adzakhala mlamu wanga.