ZA AMISIRI ATHU: Makanika Wakale ndi Galimoto Yamakono

Makanika amene anaphunzira nchito pa Land Rover ndi Peugeot 504 amadziwa nthenda ya injini pongoimvetsera. Luso limeneli likali lofunika, koma magalimoto ocokera ku Japan, amene ambiri amalowera pa Nakonde, abweretsa bvuto lacilendo. Alibe kabyuleta. Mafuta amapimidwa ndi kompyuta, ndipo kompyutayo imamvera tizipangizo tochedwa masensa.

Apa ndi pamene amisiri ena ayamba kungolota. Galimoto ikafooka pa citunda, asintha mapulagi; ikapanda kucira, agula pampu ya mafuta. Wolipira zonsezi ndi mlimi amene wagulitsa nshawa zace, ndipo kawirikawiri galimoto yomweyo ndiyo imanyamula odwala a m'mudzi kunka nawo kucipatala.

Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi soketi ya mabowo 16 pansi pa ciwongolero, pomwe amalumikizapo kamakina kowerenga zolakwa. Koma kamakinako sikaombeza ula. Kakaonetsa nambala P0171, katanthauza cabe kuti mpweya wacuruka kuposa mafuta. Cocititsa cingakhale paipi yong'ambika, sefa yotsekeka, pampu yofooka, kapena sensa ya mpweya imene yadzala pfumbi, cinthu cosadabwitsa pa miseu yathu m'cirimwe. Mmisiri weniweni amapima cimodzi-cimodzi asanamasule kanthu. Ngakhale mita ya magetsi yochipa imathandiza: batire yabwino imaonetsa mavoti 12.6 injini itazima, ndi pakati pa 13.5 ndi 14.5 ikamalira.

Nanga munthu wa imvi angaphunzire kuti zimenezi? Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, limayang'anira mayeso a "trade test", ndipo limazindikiranso luso la munthu amene anaphunzirira pa galaji, wopanda setifiketi. Kuno kum'mawa kuli sukulu ya Chipata Trades. Ku Ndola kuli NORTEC. Wofuna maphunziro apite yekha akafunse za makosi aafupi ndi malipiro ace.

Ena amacita manyazi kukhala pa benchi limodzi ndi anyamata a msinkhu wa ana ao. Manyaziwo ngopanda pace, pakuti mnyamata adziwa kuwerenga nambala, mkulu adziwa pamene paipi imakonda kung'ambika. Ndiponso magalimoto a "hybrid", monga Toyota Aqua ndi Prius, afika kale. Batire yace yaikuru ili ndi mavoti oposa 100, ndipo nthambo zace za mtundu wa lalanje zikhoza kupha munthu wozigwira asanaphunzire kuzimitsa magetsiwo.