Kafukufuku Azibwerera Kumudzi

Amayi anzanga, m'masukulu a ukachenjede katswiri wa zaumoyo amamuyeza poona kuchuluka kwa zimene walemba, ndiponso kuti anzake amutchula kangati m'zolemba zawo. Muyeso umenewu ndi wabwino, koma sukwanira.

Taonani za kwathu kuno ku Thyolo. Mu 2003, Dr Rony Zachariah wa bungwe la Médecins Sans Frontières ndi anzake anafalitsa zimene anapeza m'boma lino: odwala TB amene ali ndi HIV akamamwanso Bactrim, imfa zimachepa. Izi zinathandiza kuti mankhwalawa ayambe kuperekedwa m'dziko lonse. Ofufuza anzake anamutchula ndithu, koma phindu lenileni analiona mayi wothyola tiyi amene anachira n'kulera ana ake.

Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, ofufuza anafika m'misasa ndi mafunso: amayi oyembekezera akukachilira kuti? Ma ARV akuwapeza bwanji? Nanga madzi akumwa otani, poti kolera inali itavuta kale? Amayi anayankha. Koma ndi angati anamva zotsatira zake?

Choncho akadzabweranso ndi makope awo, alandireni bwino, koma muwafunse kuti: mudzabwera liti kudzatiuza m'Chichewa zimene mwapeza, mvula ina isanagwe?