Ndele mu tanki ya nsomba za m'nyanja: osagula laiti yodula musanabelenge apa

Imwe bamene musunga nsomba za manzi ya mchele muno mu Lusaka, muziba kale kuti ndise bantu bovuta mutu. Ziko yathu ilibe nyanja ya mchele. Kuti muone mafunde yeniyeni mufunika kuyenda mpaka ku Dar es Salaam olo ku Beira, koma ise tifuna clownfish na ma coral mu sitting room ku Chelstone. Chabwino, tinalowa kale. Sabata ino tikambe pa chintu chamene bambili bamakumbukila pamene nsomba zayamba kufa: ndele.

Sinikamba ndele ija yamene imamela pa galasi na kuvinikila ma coral yanu. Ija ni mudani. Nikamba ndele ikulu-ikulu ya m'nyanja, yamene bogulitsa bamaitana macroalgae, yamene mumabyala dala. Nchito yake ni kudya doti. Nsomba zimatulutsa ammonia, ma bacteria yamaisandutsa nitrate, ndipo vakudya votsala vimasiya phosphate. Ivi vibili vikapaka, ma coral yamataya mutundu, yamakhala brown, ndele yoipa nayo yayamba party. Ndele yabwino imamwa nitrate na phosphate kuti ikule. Imwe mukaidula na kuitaya, ninshi doti yachoka mu tanki. Kusintha manzi simuzaleka, iyayi, koma muzachepesako. Ganizani kuti ma lita 100 yafuna mchele pafupi-fupi 3.5 kg, mchele wochoka kunja, osati uja wa mu kitchen. Thumba yanu izamvelako bwino.

Bambili bamaibyala mu ka tanki kang'ono pansi pa tanki ikulu, mu sump, pa malo yamene bati refugium. Chifukwa chake nichapafupi: mukaifaka pamwamba, nsomba monga ma tang zizaidya monga mbuzi yalowa mu dimba ya rape.

Ngati muyamba chabe, gulani Chaetomorpha. Bonse bamaitana chaeto. Imaoneka monga steel wool ya green, siigwililila ku miyala, ndipo mukati mwake mumabadwa tuma copepod twamene nsomba zing'ono zimakonda. Gracilaria ni yofiila, yokongola, ndipo yotsala mungapatse ma tang. Halimeda imamwa calcium yamene ma coral yanu yafuna, so ija siyani poyamba.

Manje Caulerpa. Iyi nikambeko bwino, chifukwa inanilasa. Ni yokongola maningi, ina imakhala monga nthenga, ina monga tuma grapes, ndipo imakula mwamsanga. Koma chomela chonse chija, olo chitalike bwanji, ni cell imozi chabe. Chikaona kuti vintu sivili bwino, chimatulutsa vonse vamukati mwake mu manzi kuti chibale, cheve chimatsala choyela, chakufa. Ine n'nagona tanki ili mushe. Kuuka m'mawa manzi yali monga munthu wathilamo mukaka, nsomba zonse pamwamba zipuma movutika. N'nasintha manzi, n'nafaka carbon, koma nsomba imozi yamene n'nasunga zaka zibili inapita. Bena bamayasha laiti usiku na usana kuti Caulerpa isachite ivi. Na malaiti yathu ya muno, muzakwanisa?

Iyi ndele ili na mbili yoipa na kunja. Mu 1984 Caulerpa taxifolia inapezeka mu nyanja ya Mediterranean pafupi na Monaco, mutundu wamene unali kusungiwa mu ma aquarium, ndipo unafalikila mpaka kupha udzu wa pansi pa nyanja mu maziko yangapo. Mu 2000 inaonekela ku California, ndipo kuja banailetsa. Ise bamene tinaona Kafue weed ikutseka mumana tiziba nkhani ya so.

Tibwele ku laiti, pamene bantu bamataya ndalama. Ma coral yafuna laiti ya blue yodula. Chaeto ilibe matama yaja. Chlorophyll imasebenzesa maka-maka kuwala kofiila na kwa blue, ndiye chifukwa ma grow light ya vomela yamaoneka pink. Grow light ya LED ili bwino, koma na bulb ya LED ya daylight, yolembewa 6500K pa box, imakulisa chaeto mu refugium ing'ono. Chachikulu ni mphamvu. Ka bulb kofooka ka mu toilet sikazachita kanthu, ndele izangokhala pamene ili, kenaka iyambe kuola. Yambani na ma watts 15 olo 20, muifake pafupi na manzi koma pamene siingathilikiwe. Manzi ya mchele na magesi sivimvelana, ndipo mchele ukauma pa bulb umatseka kuwala, so pukutani sabata iliyonse, mutazima.

Ponena za ma units, osayopa. Laiti ya ma watts 20 yoyaka maola 12 pa siku imadya ma units 7 na pang'ono pa mwezi. Iron yanu imadya kuchila apo.

Nanga muiyashe nthawi bwanji? Usiku. Laiti ya tanki ikulu ikazima, ya refugium iyake, maola 10 mpaka 14. Usana ma coral yamamwa carbon dioxide, pH ili pamwamba. Usiku vonse vimapuma chabe, carbon dioxide imapaka, pH imagwa. Ndele ikasebenza night shift imamwa carbon dioxide ija na kutulutsa oxygen, pH siyendayenda maningi. Gulani timer, chifukwa imwe muzaibala. Koma timer ija yozungulila imaimilila malaiti yakayenda, yakabwela nthawi yasokonezeka. Funani ya digital ili na battery mukati.

Apa pa load shedding mumvesese. Mu 2024, manzi yatachepa mu Kariba, ma area yambili yenze kuona malaiti maola yatatu chabe pa siku. Ngati muli na inverter ing'ono, mphamvu ipite ku pump, osati ku laiti. Chaeto ingakhale mu mudima masiku yabili olo yatatu osafa. Nsomba mu manzi yosayenda zingafe usiku umozi. Ndipo kumbukilani kuti mu mudima ndele nayo imamwa oxygen, so refugium yozula na chaeto, pump yozima, ni ngozi. Ka air pump ka battery nikochipa kuchila nsomba iliyonse mu tanki yanu.

Funso yamene nimalandila kambili ni yakuti chaeto yanga isungunuka, yayela, nichani? Kambili ni njala. Mukapima mupeza nitrate zero, phosphate zero, ndele izadya chani? Chepesani maola ya laiti olo muonjezeleko vakudya va nsomba. Nthawi zina ni iron yasila mu manzi, pali mankhwala yake yodonthezela, koma tsatilani vamene valembewa pa botolo. Nthawi zina manzi siyayenda, pamwamba ni pa green, pansi paola. Itembenuzeni na manja kabili pa sabata. Elo mu October, tanki ikapitilila 28°C, vonse vimavutika. Yesani kusunga pa 24 mpaka 26, ka fan kakuombela pamwamba pa manzi.

Fan imaumisa manzi mwamsanga, koma mchele siuuma. Poonjezela thilani manzi yalibe mchele, ya RO, kuti salinity ikhale pa 1.025. Manzi ya borehole osayesa. Mu mbali zina za Lusaka yamabwela kale na nitrate yake, ninshi mwathila doti yamene mufuna kuchosa.

Ikakula, pa masabata yabili yaliyonse chosani gawo imozi pa magawo yatatu. Musanataye, igwedezeni mu ka bucket ka manzi ya mu tanki kuti tuma copepod tugwe, mutubwezele. Yotsala patsani munzanu wamene ayamba, koma muuzeni aiyang'anise bwino, chifukwa Aiptasia, ka anemone kaja koluma ma coral, kamakonda kukwela lift mu chaeto ya mahala.